Mabatire osaona dzuwa

Dzulo ndikutaya mabatire akale a tochi, fungo lawo lowawasa linandibwezera ku Tsangano, m'nyumba ya amayi.

Achemwali anga anabwerako ku tauni atawonda kwambiri, atanyamula chikwama ndi kaseti imodzi. Chinali chimbale choyamba cha mnyamata wina amene nthawi imeneyo sankadziwika. Lero ana amati zimbale zake zatsopano ndiye zabwino, ine ndimangowayang'ana. M'choyamba chija munali gitala ndi mawu basi, mawu a munthu woidziwa njala.

Amayi, munthu wa kwaya, ankadana nacho. "Nyimbo za kumowa m'nyumba mwanga muno ayi," ankatero. Koma achemwali atayamba kulephera kudzuka pamphasa, amayi anasiya kuletsa.

Mabatire a wailesi akafooka, tinkawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu. Tsiku lina kunali nkhungu yokhayokha. Ndinawaika pamwala m'mawa, masana ndinakawatola ali ozizira ngati madzi a mumtsuko. Nditawabwezera mu wailesi, woimba uja anayamba bwinobwino, kenako mawu ake anayamba kukoka ngati a munthu woledzera, mpaka zii.

"Basi, zimitsa," achemwali ananong'ona, n'kutembenukira kukhoma.

Amayi anali pakhonde, akusenda kachewere. Ndinamva mpeni ukugwera m'mbale. Analowa, anakhala pamphasa, natenga mapazi a achemwali n'kuwaika pamiyendo pawo. Kenako anayambira pomwe wailesi inalekezera, motsitsa, ndi mawu awo aja a kutchalitchi. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi.