Filimu Yomwe Ndinasita ndi Simbi

Abusa athu anandisungitsa filimu ya mpingo, yokulunga pagudumu ija. Chiperoni chitainyowetsa, ndinakaiyanika pafupi ndi ng'anjo youmitsira tiyi kufakitale, ndipo inapindika ngati tsamba lofota. Mwamantha ndinaisita ndi simbi yamakala, pakati ponse n'kupserera. Ndinadula popsapo n'kulumikiza ndi selotepi, osauza munthu.

Loweruka m'tchalitchi, mnyamata wa m'filimuyo atangoba nkhuku, chithunzi chinalumphira pamaliro ake. Zaka zonse zomwe analapa n'kukalamba bwino zinali zitakakamira pasimbi yanga.

"Mwaona?" anakuwa abusa. "Nkhuku imodzi yokha, manda!"

Ameni wanga ndiye anamveka kuposa wa aliyense. M'mawa mwake mayi wina wothyola tiyi anakabweza bakha wa eni, ndipo mpaka lero abusa amalalikirabe za nkhuku ija.