Fodya wa pakhonde la dona

Ku Joni sindinapite chifukwa chokonda ulendo. Ndinali kapitawo pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Santhe, ndipo tsiku lina ndinauza mwana wa mwini esitetiyo, matenanti onse akumva, kuti ngakhale mbuzi ikhoza kusankha fodya bwino kuposa iye. Zinali zoona, koma zoonazo zinandidyera ntchito. Alamu anga, mlongo wa mkazi wanga, anali atakhalitsa ku Joni akusamalira maluwa panyumba ina. Ananditumizira mawu akuti: bwerani, dona wa nyumba yoyandikana nafe akufuna munthu wa m'munda, koma pakamwa panupo musiye ku Kasungu konko.

Mzinda uja unandinyansa tsiku loyamba lomwe. Kwathu ukaima pa chulu umaona mpaka maso atatopa: minda, zigafa, njinga ikadali kutali uko iwe wadziwa kale kuti wakwerapo ndani. Kuno ndi mpanda, geti, mpanda, geti, pamwamba waya wamagetsi, mkati galu wonenepa kuposa ine. Ukapereka moni, munthu amagwiritsitsa chikwama chake. Minibasi suiimitsa ndi pakamwa koma ndi zala, ndipo dera lililonse lili ndi kalozedwe kake. Kawiri konse ndinakatsikira kosakudziwa, n'kuyamba kukalipira dalaivala wosalakwa. Lamulungu ndinkangozungulira m'kachipinda ka alamu kuseri kwa galaja ngati tambala womangidwa mwendo.

Dona uja anali mayi wachikulire wokhala yekha, wolankhula motsitsa. Anandipatsa mwezi umodzi woyesera. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndikalephera, ndikwera basi kubwerera ku Santhe, kukadutsa pakati pa matenanti omwe aja, ndili ndi chikwama chomwe ndinachoka nacho.

Ntchito yake inali kutchetcha kapinga, kusesa masamba ndi kuthirira zinthu zosadyedwa. Kumwamba kukada, mtima unkathawira kumudzi, kumene mkazi wanga ankawokera fodya yekha, ine ndili kuno kumeta udzu wopanda phindu.

Sabata yachitatu ndinafika pa kabedi kena ka mbewu pafupi ndi khonde. Ndinagwira tsamba, zala zinanata. Ndinanunkhiza. Fodya! Wowonda, wamasamba ngati makutu a mbewa, wotalika, pamwamba atayera mbee ndi maluwa. Manyazi anandigwira ngati munda ndi wanga. Kwathu fodya akachita maluwa, odutsa pamsewu amafunsana ngati mwini munda akudwala kapena wamwalira. Mphamvu yonse imathera ku maluwa, tsamba n'kupyapyala. Mwana aliyense wa ku Santhe amadziwa kuti fodya amadulidwa nsonga. Sindinafunse munthu. Zala zinayamba zokha, thyo, thyo, mzere wonse mpaka kumapeto. Maluwawo ndinakataya kudzenje la manyowa, ndipo chifikireni m'dziko lija aka kanali koyamba kusamba m'manja ndili wonyada.

Dona anabwera kuchokera kutauni masana. Anaima pakhonde, jumbo ikadali m'manja. Kenako anapita kumpanda n'kuitana alamu.

"Alamu, mwatani apa?" anatero alamu atangoona.

"Ndakonza fodya."

"Fodya wake uti? Mwaona chigafa pano? Masambawo akasoka ndi agaluwa?"

"Fodya ndi fodya. Anali atalekereredwa."

"Inu, sukulu munapita kukatani? Amadzala dala chifukwa cha maluwawo! Amanunkhira dzuwa likamalowa. Mayiwa amakhala pampando apo madzulo alionse kudikira fungo limenelo, inu mwakataya kudzala."

Dona analankhula Chingerezi chake chofatsa, ndipo ndinamva liwu lililonse: mawa ndisabwere.

Zaka zonse ndakhala m'fodya, lero ndichotsedwe ntchito chifukwa chomusamala bwino? Mawu anali atafika kale pammero, ofanana ndi a mbuzi aja. Alamu anandiponda phazi ndi nsapato yawo yantchito.

"Tsegulani pakamwapo," anatero chapansipansi, "mukapezeka pa Santhe lisanafike Loweruka. Mlongo wanga mukamufotokozera nokha."

Ndinatsegula ndithu, koma zotuluka zinali zina. Ndinati, "Mayi, ndalakwa, sindinafunse. Koma mbewu iyi ndimaidziwa kuposa ana anga. Ukaidula nsonga siifa, imakwiya. Imatulutsa mphukira paliponse pamene tsamba lakumana ndi tsinde, ndipo mphukira iliyonse ukaisiya imachita maluwa. Ndipatseni masabata anayi. Akapanda kubwera, geti ndikatsegula ndekha."

Dona anaimika zala zinayi, n'kulowa m'nyumba.

Masabata amenewo ndi amene anandizunza kuposa china chilichonse ku Joni. Mphukira zinatuluka monga ndinanenera, zonenepa, zamwano. Munthu amene sanalimepo fodya sangamvetse. Kwathu mphukira ndi mdani. Ukaiona umaithyola ngakhale uli paulendo wa kumaliro, ngakhale m'munda wa munthu amene simulankhulana. Ine amene ndinkakalipira matenanti chifukwa cha mphukira imodzi, ndinkathirira mazana a mphukira m'mawa uliwonse ndi kuziikira manyowa. Zala zinkayabwa. Ndinkagwira payipi ndi manja awiri dala. Tsiku lina ndinazindikira dzanja lamanja litafika kale pa tsinde, ndinachita kulimenya ndi lamanzere. Alamu, amene ankandizonda pampanda, anaseka mpaka kutsamira khasu.

"Akapitawo, tikumangeni chingwe kodi?"

"Samalani maluwa anu, alamu, ndisanabwere kudzawakonza."

Sabata yachinayi ili pakati, bedi lija linayera kuposa kale. Pamene panali mutu umodzi tsopano panali mitu inayi, pena isanu. Dona anakhala pampando wake dzuwa likupendeka, ine ndikukulunga payipi pang'onopang'ono kuti ndimve chigamulo. Fungo linabweradi, lokoma, ngakhale sindinafune kuvomera. Sananene kuti wandikhululukira. Anangoti Lolemba ndiyambe ndi mpanda wamaluwa wakutsogolo, ndipo ndisanadule chilichonse ndizifunsa.

Ndikadali panyumba pomwepo. Zala za minibasi ndinazidziwa, galu anandizolowera, koma kumwamba kukada ndimayendabe uku ndi uku. Kuseri kwa kanyumba kosungira makasu kunamera tsinde limodzi la fodya yemwe uja, kumene dona safika. Limenelo ndi langa. Ndinalidula nsonga pa nthawi yake, ndipo m'mawa uliwonse ndisanagwire ntchito ya eni ake ndimapita kukalithyola mphukira. Masamba ake safika ngakhale theka la a ku Santhe. Alamu amati ndapenga. Openga ndi iwo, amene atha zaka zonsezi akuthirira maluwa zala zawo osayabwa.