Ndowa Ziwiri za a Namukonda

Ntchito yobowola mijigo ndinaipeza ndikupalasa kabaza pa Kamwendo. Tsiku lina ndinanyamula bambo wina wamtali, a Zulu, atafumbata chitsulo cholemera chimene ankapita nacho kowotcherera. Tikukwera chitunda anandigwira phewa n'kuseka. "Iwe, mphamvu zonsezi ukungothera panjinga? Ndikufuna wonyamula mapaipi. Tikupita ku Chitipa."

Kumpoto ndinali ndisanapondeko, dziko langa linkathera pa Kasungu. Tinanyamuka mu Novembala, chifukwa a Zulu ankati madzi ukawapeza kumapeto kwa chilimwe ndiye kuti sadzaphwa. Mango anali atayamba kupsa, mitengo ya m'mapiri itaphuka masamba ofiira, koma nthaka ili gwa! Mudzi umene tinafikira unali pamwamba pa phiri, ndipo chilankhulo chawo ndinkangotolapo moni basi.

Ntchito yanga inali kupaka girizi kumapeto kwa paipi iliyonse, kuiimika pamakina, n'kuimanga ndi sipanala yaikulu. Kompuresa ikamapopa mpweya m'dzenje, fumbi la miyala linkatuluka, ine n'kumalichotsa ndi fosholo. Paipi ikalowa yonse ndinkaika kamulu ka fumbilo pamzere, a Zulu n'kumalifinya m'manja kuti amve ngati likunyowa. Poweruka ndinkakhala mbuu, ngati ndagona kuchigayo.

Tinkagona pakhomo pa mayi Namukonda, mayi wamasiye wamsinkhu wa amayi anga. Chichewa anachiphunzira ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Madzulo aliwonse ndinkapeza ndowa ya madzi ofunda kubafa. A Zulu ankangosukusula kumaso, ine n'kumawaseka kuti ndi auve. Kwathu ku Mkanda chitsime chili kuseri kwa khola, m'dambo, ndiye madzi sitiwerengera. Ndinkasamba mokhuthula, mpaka ndinayamba kupempha ndowa yachiwiri yochapira ovolosi. A Namukonda ankangoti, "Chabwino, mwanawanga," n'kubweretsa.

Dzenje loyamba linatuluka louma. Tinasunthira kumunsi kwa tchalitchi n'kuyamba lachiwiri, ndipo a Zulu ananeneratu kuti lachitatu kulibe: mafuta anali kutha, komanso mvula ikagwa lole yathu yonyamula makina singatsike phirilo.

M'mawa wa tsiku lomaliza lole inafuna madzi m'rediyeta. A Zulu anandiponyera chigubu. "Pita ndi a Namukonda, ukaone kumene amatunga."

Amayi inu! Tinatsetsereka m'miyala, kutsika, kutsikabe. Kumtsinje kunalibe mtsinje, kunali mchenga wokhawokha. Pakati pake anakumba dzenje, ndipo azimayi anali atakhala pamzere ndi ndowa zawo. Mmodzi ankalowa ndi kapu, n'kudikira kuti timadzi tisonkhane, kutunga, n'kudikiranso. Ataona kuti ndine wa mjigo, onse anandipatsa mpata kuti nditunge poyamba. Zimenezo ndiye zinandipweteka koposa.

Pokwera ndinapuma kangapo, chigubu chikundidula phewa. A Namukonda anali patsogolo, ndowa pamutu, mwendo umodzi akuukoka. Ndinawafunsa kuti amatsika kangati patsiku. "Masiku ano ndikumaonjezako," anatero osatembenuka. "Tili ndi alendo."

Tsiku limenelo ndinagwira ntchito ngati wamisala. Paipi iliyonse ndinkaipempherera. Ndinkafinya fumbi ndekha a Zulu asanafike, mwina n'kumva kachinyezi, koma linkangoyoyoka m'zala ngati ufa. Mudzi wonse unali utaima patali, kuyang'ana. Dzuwa litapendeka paipi yomaliza inalowa, kompuresa inalira, fumbi linatuluka loyera. A Zulu anazimitsa makina.

"Zulani mapaipi," anatero motsitsa mawu. "Mwala wokhawokha."

Palibe anatikalipira. Akanatitukwana mwina mtima ukanapepukako. Anthu anangobalalika mmodzimmodzi, azimayi n'kutola ndowa zawo kulowera njira ya kumtsinje ija.

Titafika pakhomo ndinapeza kubafa kuli ndowa ziwiri, ina ikutuluka nthunzi. Ndinati, "Amayi, lero ayi. Sungani, mumwe." Iwo anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mukachoke kwathu ndi fumbi, amayi anu akati ku Chitipa kulibe anthu? Sambani."

Ndinasamba. Kukana kukanakhala chipongwe, koma kapu iliyonse imene ndinadzithira ndinkaona mwendo uja ukukokedwa pachitunda. Sindibisa, ndinalira m'bafa muja. Ndowa yachiwiri ndinainyamula n'kukaithira mumtsuko wawo, ovolosi ndinapita nayo kwathu yosachapa.

Lero makina ndimayendetsa ndine. Tikafika pamudzi, tisanatsitse ngakhale paipi imodzi, aliyense wa gulu langa amatenga chigubu n'kutsatira azimayi kumene amatunga, n'kubwera nacho paphewa. Atsopano amadandaula kuti ndine wankhanza. Ku phiri lija sindinabwerereko, ndipo sindidziwa ngati a Namukonda akutsikabe.