Chiwanda cha m'Chigayo

Linali Lamlungu, 3 koloko masana, pamene apongozi anga aamuna anamva mawu anga koyamba. Ndinali nditakhala pamudzi pawo ku Chipangali mpaka mwana wanga kuyamba kuyenda, koma pamaso pawo ndinkangogwada ndi kunong'ona. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu. Ankanditama kuti ndine waulemu. Ine ndinali wamanyazi chabe.

Amene anandiika m'mavuto ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, yemwe amaphunzira zamakompyuta ku Chipata. Anabwera kutchuthi ndi laputopu, akupanga kafilimu ka makatuni. Nkhani yake inali ya kamtsikana kamene kaiwala beseni m'chigayo chakale, ndiye kabwerera kokha kukalitenga. Atandionetsa ndinaseka, chifukwa mutu wa kamtsikanako unali ngati dzungu.

"Mlamu, zidole izi zingaopseze ndani?"

"Dikirani inu," anatero. "Choopsacho sachionetsa. Umangoonetsa mthunzi, chitseko chikutseguka pang'onopang'ono, kenako zii. Munthu amadziopseza yekha. Chatsala ndi mawu a chiwanda. Kanyimbo kaja mumagonekera mwana, ndiimbireni m'foni umu."

"Ine? Pitani kwa akwaya."

"Akwaya amaimba bwino, mlamu. Ndikufuna inuyo."

Ndinamugenda ndi chitsononkho, koma ndinaimba, kuseri kwa khola la mbuzi, atalumbira kuti palibe adzadziwe. Iye anaichedwetsa nyimboyo pamakina ake mpaka inamveka ngati ikuchokera pansi pa chitsime.

Lamlungulo titachokera ku Misa, mlamu anatchinga mawindo a pabalaza pa apongozi ndi mabulangete, nabwereka sipika. Kunabwera akatekisiti ndi amayi angapo apafupi. Ine ndinakhala pansi pakhomo, mwana ali pamiyendo.

Poyamba onse anaseka mutu wa dzungu uja. Kenako kamtsikana kanafika pachigayo, phokoso lonse n'kutha, ngakhale nkhuku za m'filimumo zinakhala chete. Chitseko chinayamba kutseguka chokha. Mthunzi unatalika pakhoma. Ndiye nyimbo yanga inatuluka, yokhuthala, yokwawa.

Apongozi aakazi anagwira korona wawo wopempherera. Akatekisiti, amene amatiuza kuti Mkhristu saopa mdima, anayang'ana kumene kuli khomo.

"Zimitsa!" anakuwa apongozi aamuna. "Mawu awa si a munthu wamoyo. Wawatenga kuti iwe? Mwini wake afunika madzi odalitsa."

"Ndi zija zoimba kumanda izi," anatero mayi wina.

Kumudzi mawu otere sachoka. Ukangotchulidwa kamodzi, amayi amayamba kuitana ana awo ukamadutsa, ndipo ndiwo zako zimabwerera osazilawa.

Mlamu asanazimitse, mwana wanga anatsika pamiyendo, napita dzandidzandi kukakumbatira sipika ija.

"Amama!" anatero, n'kundiloza. Anatsamiritsa mutu pasipikapo, nayasamula.

Mlamu wanga, wolumbira uja, anabisa nkhope kuseri kwa laputopu, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Amake mwana," anandifunsa apongozi aakazi, "ndinu?"

Ndinavomera ndi mutu, maso ali pansi.

"Ndiye mdzukulu wangayu amagona ndi zimenezi?"

Akatekisiti anati iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndi makina chabe. Mayi wa zakumanda uja anatuluka msanga, akuti wasiya nyemba pamoto, ndipo tonse tinadziwa kuti nkhani yanyamuka. Apongozi aamuna anadzuka. Anapita kukaona mbuzi, zimene zinali zitaonedwa kale.

M'mawa mwake ndinaona kuti ndikapitiriza ulemu wanga uja, mawu anga okhawo amene mudzi udzawadziwe ndi a chiwanda. Ndinabereka mwana, ndinasenza ndowa, ndipo ndinayamba kuimba kanyimbo komweko kuchokera pakhomo kupita kuchitsime, mwachangu, monga amaimbira munthu amene wadya phala. Mawu ankanjenjemera, koma anali anga. Amayi ena anasuzumira, wina n'kuseka, wina n'kundithandiza kumaliza.

Pakanjira ka kudimba ndinakumana ndi apongozi aamuna, khasu lili paphewa. Ndinafuna kupatuka monga mwa masiku onse, koma iwo anali atalowa kale m'udzu, chipewa chili m'manja. Ndinadutsa pakati pa njira, ndikuimbabe.