Chiliza cha Bambo ku Toronto

Nditapeza mwayi wa ntchito ya unamwino ku Toronto zaka za m'ma 1970, sindinachedwe kuvomera. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Kumene ukupitako n'kutsidya kwa nyanja. Ukafunse kumene anagona bambo ako."

Bambo anapita ku nkhondo yachiwiri ine ndili m'mimba, ndipo sitima yawo inamira. Achibale anafuna kukwirira thunthu la nthochi, monga timachitira mtembo ukasowa, koma amayi anakana kwamtuwagalu. Ngakhale kumeta maliro anakana. Kwa iwo kutsidya kwa nyanja kunali mudzi umodzi, woti ukafunsa munthu akulozera.

Ku Scarborough, dera la mu Toronto, ndinkakhala ndekhandekha m'nyumba yosanjikizana, kuzizira kukulowa m'mafupa. Ndalama ndinkatumiza, koma kalata iliyonse yochokera ku Ntcheu inkathera pa funso lomwe lija. Linanditopetsa mpaka ndinayamba kudana ndi makalatawo.

Tsiku lina ndinaona chipilala pafupi ndi doko: mwala wakuda, nangula wachitsulo, ndi mayina a amalinyero a ku Canada amene anamira pa nkhondo. Ndinawawerenga onse ngati chitsiru, ndikudziwa kuti la bambo palibe. Ndinalira anthu akuona. Kenako ndinachijambula, n'kulemba kuseri kwa chithunzi kuti, "Amayi, chiliza cha bambo ndachipeza."

Funso lija linaleka. Ndinapuma, Mulungu andikhululukire.

Amayi anamwalira ndisanabwerere. Ndinafika kumudzi patatha mwezi ataikidwa, ndipo malume anandiperekeza kumanda.

"Chithunzi chija tinapita nacho kwa aphunzitsi," iwo anatero. "Anatiuza kuti mayinawo ndi a azungu okhaokha."

Ndinawafunsa kuti, "Ndiye amayi anadziwa, malume?"

"Akanawauza ndani? Anameta, tinafulula thobwa, mudzi wonse unabwera kudzalira bambo ako. Tonse tinkadziwa, ndipo tonse tinalira."

Bodza limene ndinkaliyesa langa ndekha, mudzi wonse unalisenza mwakachetechete mpaka amayi kutsikira nalo kumanda. Palibe amene anandidzudzula, ndipo izi zinandiwawa koposa.

Malume anawerama, natapa dothi la pamtumbira n'kulimanga pampango.

"Mawu awo omaliza anali akuti ukathire dothili pachiliza cha amuna awo, kuti agone pamodzi. Tinawalonjeza." Anandigwiritsa mpangowo m'manja onse awiri. "Ife mbali yathu tatha, mwana wa mlongo wanga. Kotsalako n'kwako."