Buku la Pageti pa Maliro a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, zala zitauma ndi chisanu cha mu Julaye. Azimayi amene anagona nafe m'nyumba ya malata ya achimwene ku Winterveld, kuno ku Joni, anali akadali m'tulo, mitu pafupipafupi. Boma linali litaletsa kugona pamaliro, koma ife tinatseka chitseko n'kumaimba chapansipansi. Munthu agone yekha usiku womaliza ngati alibe abale?

Achimwene anamwalira akubanika. Kuchipatala anawayeza korona, koma zotsatira zinali zisanatuluke. Aliyense wofunsa ndinkamuuza kuti ndi shuga, ndipo ndinkakhulupiriradi. Manambala a odwala korona amene boma linkalengeza madzulo aliwonse, ine ndinkati ndi a mabwana okwera ndege a ku Irene, kumene ndimagwira ntchito yochapa zovala.

Tinakoleza moto kuseri, n'kutereka mapoto. Dzuwa likutuluka anthu anayamba kufika: ampingo, anzawo a ntchito ya m'galadeni, Asilamu a ku Mangochi ogulitsa malonda ku Gezina. A kampani ya maliro anaika tebulo pageti, botolo la sanitaiza ndi buku. Aliyense alembe dzina ndi nambala ya foni, akuti boma likufufuza mmene matendawa akuyendera. Ndinaona anthu akuyang'anana. Mayi wina anabwerera pomwepo. Ena analemba msangamsanga, mutu uli pansi. Kuno ku Joni, munthu wopanda mapepala ukamutchulira buku la boma, m'maso mwake mumangobwera galimoto yomubweza kwawo.

Cha m'ma teni tinanyamuka. Mphepo inkatimwaza fumbi m'maso njira yonse. Kumanda nyimbo itakoma, mamasiki onse anatsikira kuchibwano. Anthu ankandikumbatira, ine n'kumalirira pamapewa awo.

Titabwerako, anthu atadya n'kubalalika, foni ya achimwene inalira m'chikwama changa. Unali uthenga wa kuchipatala. Ndinauwerenga katatu. Mayo ine! Ndinangokhala pafumbi.

"Alamu, n'chiyani?" anafunsa akazi a achimwene.

"Inali korona."

Anagwira pakamwa, osalira n'komwe. Ine ndinaganiza za azimayi aja tinapumirana nawo mpaka kucha, ena okalamba, ena a mphumu. Ndine ndinawauza kuti ndi shuga.

Posakhalitsa anaimba foni nesi wa kuchipatalako, munthu waulemu wake. Anati tisatuluke panyumba, ndipo tijambule buku lija timutumizire, kuti onse anabwera auzidwe n'kuyezedwa.

Madzulo m'nyumba munali zii. Ine ndi alamu tinatsegula bukulo kuti tiyambe taimbira tokha. Nambala yoyamba, kulibe. Yachiwiri anayankha mzungu wa ku Cape Town. Yachitatu inali yoperewera. Eish! Tinatsika tsamba lonse ndi chala, mayina ambiri osawamvapo chibadwire. Ampingo tikanawapeza kudzera kwa abusa, koma a ku Gezina aja, a m'galadeni aja, tinkangowadziwa nkhope. Usiku umenewo akagona m'zipinda za lendi, anthu asanu chipinda chimodzi, osadziwa kanthu.

Ndinayamba kuwanena. Anthu akuluakulu kunama pamaliro, manyazi alibe?

Alamu anandiyang'ana, n'kutembenuzira bukulo kwa ine.

"Nanga inu, alamu, muli pati?"

Mapepala anga anali atatha kale. Ndinaloza mzere wachinayi. Panali dzina limene ndinalemba ndekha, la azakhali anga, amene tinawaika m'manda ku Harare ndili mtsikana.