Moto wa Amuna Anga ndi Wailesi ya Aneba

Amuna anga sankamwa mowa, mpira analibe nawo ntchito, nsolo sankayidziwa. Matenda awo anali mawaya. Anali mlangizi wa zaulimi, ndipo ntchitoyo inatikhazika kufupi ndi boma la Chongwe, panjira yopita ku Nkomeshya. Akaweruka ankangotsamiritsa njinga pakhoma, kumwa madzi choimirira, basi alowa m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba. Zinali zaka za chipani chimodzi zija, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkaziimira pamzere. Amuna a anzanga akapita ku Lusaka ankabwera ndi sopo. Anga ankabwera ndi koyilo ya galimoto yakufa, akumwetulira ngati atola nyama.

Koyiloyo anailumikiza ku batire ya thirakitala ndi kabelu ka magetsi, nakhoma misomali iwiri pathabwa moyang'anizana. Akapana batire, moto unkadumpha pakati pa misomaliyo, tha-tha-tha-tha! Ndinkawanena, ndithu, koma ndisaname, motowo unali wokongola. Ana tinkawaimika pakhomo kuti aonere patali. Nditawafunsa kuti chinthuchi chidzatidyetsa chiyani, anakoka waya wautali kuchokera pamakinawo kuzungulira dimba langa, ati kuti mbuzi zileke kudya repu. Mbuzi zinalekadi.

Kuseri kwa dimbalo kunkakhala aneba athu, amadala ena ochokera ku Katete ndi akazi awo. Anabwera kalekale kudzalima thonje ndi chimanga. Amaiwo anali mnzanga wa mchere ndi miseche yomwe. Amadala anali ndi wailesi yawo yovekedwa kansalu, ndipo dzuwa likapendeka sankafuna munthu wowalankhulitsa. Inali nthawi ya mauthenga a m'Chinyanja: wakuti wadwala, wakuti watisiya, achibale a ku Lusaka ndi ku migodi bwerani msanga. Kumudzi kwawo anali ndi mng'ono wawo wodwala chifuwa, ndipo m'mimba mwa amai awo anatsala awiri okhawo. Anapangana ndi a kumudzi kuti zikafika poipa atumize mawu pa wailesi. Mantha awo onse anali akuti angakapeze mng'ono wawoyo ataikidwa kale.

Ndiye wailesi ija inayamba kudwala. M'mawa ikulankhula bwinobwino, masana bwinobwino, koma ikangofika nthawi ya mauthenga, krrrrr! Amadala anati ndi mabatire. Anawayanika padenga kuti amwe dzuwa, anawagogoda ndi mwala, kenako anakaima pamzere kusitolo tsiku lathunthu kufuna atsopano. Ayi ndithu, krrrr yemweyo. Anainyamula kwa wokonza mawailesi kumsika, kumeneko inaimba mpaka wokonzayo anawaseka. Amai anayamba kundinong'oneza kuti pali munthu wa mtima woipa pamudzi pano, ndipo anali atayamba kale kumuyang'ana cham'mbali mayi wina wophika kachasu. Ine ndinkangogwedeza mutu, osadziwa kuti munthu wa mtima woipayo ndimamuchapira malaya.

Tsiku lina ndinapita kukawathandiza amai kuswa nshawa, mtedza uja. Amadala anali pampando, khutu pa wailesi. Kwathu kunayamba kumveka tha-tha-tha, ndipo nthawi yomweyo wailesi inati krrrr. Kwathu kutangoti zii, chifukwa amuna anga ankakonda kuima kuti asunthe misomali, mawu anatuluka oyera: "Uthenga wina uwu wachokera ku Katete, ukupita kwa a…" Tha-tha-tha. Krrrr.

"Wati ndani?" amadala anakuwa, akuigwedeza wailesi ndi manja onse awiri. "Mayo ine, wati ndani?"

Ndinataya nshawa n'kudutsa m'dimba chothamanga, kudumpha waya uja ngati kamtsikana.

"Imwe! Zimyani chinthu chanu icho!"

Amuna anga anachotsa chopanira pabatire. "Nanga n'chiyani, amake mwana? Wapsa ndani?"

"Ndimwe mukupha wailesi ya amadala! Nadzimverera neka na makutu anga."

"Ah, imwe naimwe. Kuli waya wochoka pano kupita kwa aneba?"

Ananena moseka, koma kusekako sikunafike patali. Anayang'ana misomali, nayang'ana waya uja ukutuluka pazenera kulowera kudimba, ndipo anakhala pansi pa chigubu. Anandiuza okha kuti moto wotere umamwaza phokoso mumlengalenga momwe mumayenda mawu a wailesi, kuti ankadziwa, koma ankayesa kuti kawo n'kakang'ono, kothera m'kashedi. Waya wa mbuzi ndiwo unkanyamula phokosolo kukalitula pakhonde pa aneba.

Kenako anachita mantha. Lamulo linalipo: chinthu chosokoneza mawailesi a anthu n'choletsedwa, a ku positi, omwe ankayang'anira za mawailesi, akamva amabwera kudzalanda. Ndiponso masiku amenewo kunali nkhondo kutsidya kwa malire, ndipo acheyamani a chipani a sekishoni yathu akangomva kuti wina ali ndi makina otumiza zinthu mumlengalenga, ukanafotokoza mpaka malovu kuuma.

"Nizachosa waya mwakachetechete," anatero. "Wailesi izachira yeka. Palibe azaziwa."

Apo ndiye ndinapsa mtima. "Mwakachetechete? Mdala wa anthu wapsa na dzuwa pamzere chifukwa cha imwe. Amai afuna kumutcha mfiti munthu wosalakwa. Ndipo lero kwadutsa uthenga wa ku Katete, dzina sanalimve. Nyamukani. Mukakana, nipita neka."

Anapita, chipewa m'manja, ine pambuyo kuti asakhotere kwina. Anawapempha amadala kuti abwere ndi wailesi yawo kukashedi. Anapana batire, krrrr. Anachotsa, nyimbo. Anapananso, krrrr. Amadala anayang'ana moto uja nthawi yaitali osaphethira.

"Ndiye kuti wailesi yanga siinafe?"

"Siinafe, atate. Wolakwa ndine. Munikhululukire."

Amai ndiwo sanafune kumva za chikhululuko. Anamanga chitenje m'chiuno, ati akupita kwa acheyamani pompano, aone ngati boma limalola munthu kuweta mphezi m'nyumba. Ine sindinawaletse, chifukwa kunena zoona akanakhala amuna a wina ndikanawaperekeza. Amadala ndiwo anakweza dzanja.

"Khalani pansi, mai. Mwana uyu wabwera yekha kudzanena. Akamutenga, dzina lija lizabwerera mu wailesi?"

Dzinalo ndilo linatisowetsa mtendere tonse. M'mawa mwake amuna anga sanapite kuntchito. Anakwera njinga kuzungulira kwa anthu onse ochokera kum'mawa ngati amadala omwe anali ndi mawailesi, mpaka anapeza mayi wina wogulitsa kapenta kumsika amene anamva uthenga wonse. Unali wa banja lina, mudzi wina. Anabwerera thukuta lili kamukamu, ndipo amadala anawapatsa madzi m'kapu yawo yomwera iwo.

Waya uja amuna anga anauchotsa tsiku lomwelo, mbuzi n'kubwerera ku repu wanga ngati zaitanidwa. Makinawo anawaika m'thiranki yachitsulo, nalumikiza thirankiyo ku chitsulo china chokhomera pansi, ati phokoso lizilowa m'dothi. Linachepadi, koma iwo sanakhulupirire thiranki yokha. Anapangana ndi aneba kuti nthawi ya mauthenga ikayandikira, amai azimenya khasu lakutha lomwe linkalendewera pamtengo wa mango. Likangolira ngwe-ngwe-ngwe, amuna anga ankachotsa batire, ngakhale moto utakoma bwanji, kusamba m'manja, n'kunyamula kampando kupita kukamvera nawo. Amai ankalimenya khasulo mwaukali masiku oyamba, ngati akumenya mutu wa munthu. Pambuyo pake anayamba kulimenya ngati belu la tchalitchi.

Zinali nyengo zabwino zimenezo, ndimazikumbuka mtima uli m'malo. Madzulo tinkakhala pakhonde pa aneba, ife azimai tikusankha nyemba, azibambo akutsutsana za mtengo wa thonje mpaka wolengeza atayamba. Lamulungu tikachoka kutchalitchi amadala ankabwera kukashedi, wailesi atasiya kunyumba, kudzaonera moto. Ankapempha kuti misomali italikitsidwe pang'ono, moto ukadumpha n'kumaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinapeza kuti tsopano ndili ndi amisala awiri m'malo mwa mmodzi.

Uthenga unabwera nthawi yothyola thonje. Khasu linalira monga mwa masiku onse, tinasonkhana, wailesi ikulankhula moyera ngati munthuyo wakhala nafe pamphasa. Anatchula Katete. Anatchula mudzi. Anatchula dzina la amadala lonse, ndi la Chongwe, nabwereza kachiwiri: mng'ono wanu wadwalika, nyamukani mukangomva.

Palibe analira. Amai analowa m'nyumba kukamanga kathumba, ine ndinathamangira kwathu kukatenga mbatata zophika zoti adye panjira. Amuna anga anali atabweretsa kale njinga. Anawakweza amadala pakaliyala, natchova mpaka kumsewu waukulu dzuwa lisanalowe, ndipo anaima nawo pamenepo kufikira lole ina yopita kum'mawa itawatenga.

Amadala anakhalitsa kumudzi. Tsiku lomwe anabwerera tinawaona akutsika panjira, mutu atameta, ndipo tinadziwa kuti maliro anachitika. Tinapita kukawapepesa. Titakhala pansi, amuna anga ankangopotokola chipewa pabondo. Amadala anawagwira padzanja.

"Mwana wanga, n'namupeza akali moyo. Ananiziwa. Tinacheza usiku wonse, n'namumwetsa phala na dzanja langa. Anapita mawa lake, mutu uli pamwendo panga."

Amuna anga anaphimba nkhope ndi chipewa chija, mapewa akugwedezeka. Ine ndinawasiya alire.